Chinawachotsa aku America ku Vietnam si chisoni ayi

Anthu akamakamba za nkhondo ya ku Vietnam amakonda kunena kuti aku America anachokako chifukwa cha mademo, ena amati chinawagwira chisoni poona mmene anthu amafera kumeneko. Ine ndiye ndikukana. Anachokako chifukwa maliro anayamba kugwa m'makomo mwawo momwe, ndiye pamwamba pake bodza la boma lawo linadzayaluka aliyense akuona.

Asilikali oyamba okamenya nkhondo yapansi anafika ku Da Nang mu March 1965, pofika 1969 anali atapitirira 500,000. Si onse anapita mwakufuna kwawo, nthawi imeneyo boma limangokulembera kalata kuti bwera udzalowe usilikali, ukakana ndende ikukudikira. Muhammad Ali anakana mu 1967 mpaka anamulanda lamba wake wa nkhonya. Chondiwawa n'choti mwana amene ali ku univesite amatha kumusiya kaye kuti amalize sukulu, pomwe mwana wa mmphawi amangonyamulidwa basi. Kenako mu December 1969 anayamba kuchita maere potengera tsiku lobadwa, poyera pa TV. Tangoganizani mayi ali pabalaza kudikira kuti amve ngati tsiku lomwe anabereka mwana wake lituluke koyambirira. Pamenepo nkhondo si yakutalinso, yalowa m'nyumba.

Ndiye bodza lija. Kumapeto kwa 1967 akuluakulu ankhondo amauza anthu kuti zikuyenda, adani atheratu mphamvu. Mu January 1968 pa chikondwerero cha Tet, chaka chatsopano cha ku Vietnam, anthu omwewo omwe amati atha mphamvu anaukira mizinda ndi matauni ambirimbiri nthawi imodzi mpaka kulowa mumpanda wa embasy ya America ku Saigon, likulu la South Vietnam yomwe aku America amaithandiza. Zoona oukirawo anafa ambiri zedi, koma munthu wamba ku Ohio kaya ku Texas anaona pa TV kuti amanamizidwa. Pa 31 March pulezidenti Lyndon Johnson analengeza kuti sapikisananso pachisankho, ndipo chaka chimenecho chokha asilikali aku America oposa 16,000 anafa. Mu 1971 Daniel Ellsberg anatulutsa zikalata zachinsinsi za ku Pentagon, likulu la asilikali aku America, zikuonetsa kuti maboma otsatizana amadziwa kuti zinthu sizili bwino koma kugulu amayankhula zina.

Sindikunyoza mademo ayi, amenewo anali anthu olimba mtima. Martin Luther King anaidzudzula nkhondoyi poyera mu 1967 ngakhale anzake ena amamuletsa. Pa 4 May 1970 ana asukulu anayi anawomberedwa mpaka kufa ndi asilikali pa mademo a pa univesite ya Kent State, ndipo mu 1971 asilikali obwerako ku nkhondo anakaponya mamendulo awo pa nyumba yamalamulo ku Washington. Koma chikanakhala chisoni chenicheni bwenzi nkhani ya mudzi wa My Lai ku Vietnam itathetsa zonse. Kumeneko asilikali aku America anapha anthu wamba oposa 300, amayi, ana, nkhalamba, nkhani inabisidwa mpaka November 1969, wopezeka wolakwa kukhoti anali mmodzi yekha William Calley, komabe anthu ambiri anamuikira kumbuyo mpaka pulezidenti Richard Nixon anamuchotsa kundende kuti azikakhala panyumba. Nixon yemweyo anapambananso mu 1972 m'ma state 49 pa 50, kugonjetsa George McGovern yemwe amati nkhondo ithe msanga. Anapambana bwanji? Anali atabweza asilikali ambiri kumudzi, mabokosi amaliro achepa, koma mabomba akugwabe pa Vietnam, Laos ndi Cambodia.

Pangano la ku Paris linasainidwa pa 27 January 1973, asilikali omaliza anachoka mu March, nyumba yamalamulo ya Congress inadzatseka ndalama zomenyera nkhondo kumeneko ndipo Saigon inagwa m'manja mwa North Vietnam pa 30 April 1975. Aku America oposa 58,000 anafa, mayina awo analembedwa pakhoma ku Washington. A ku Vietnam anafa mamiliyoni abale.

Chaka chomwecho cha 1973 analeka zokakamiza achinyamata kulowa usilikali. Ku Afghanistan kunapita odzipereka okha, mabanja ambiri sizimawakhudza n'komwe, ndiye nkhondo inakhala kuyambira 2001 mpaka 2021 popanda misewu kudzadza ngati nthawi ya Vietnam ija.