Kwa munthu wopanda kwawo, maiko athu achitapo chiyani?

Ndikamalawirira basi ya m'bandakucha ku depoti ya ku Old Town mu Lilongwe, ndimadutsa pa khonde la sitolo ina pomwe pamagona bambo ena achikulire. Amayala makatoni atatu, mutu n'kutsamira pa jumbo ya zovala, ndipo June akafika amasendera pafupi ndi mbaula ya alonda. Tsiku lina nditawagulira tiyi ndinawafunsa kuti, "Madala, kodi kwanu n'kuti?" Anaseka. "Mwana wanga, kumudzi ndinachokako Kamuzu akadalamula. Munda anagawana adzukulu. Ndikafikire kwa yani?"

Funso langa lija ndi lomwenso maboma athu akhala akufunsa kuyambira kale. Timangoganiza kuti aliyense ali ndi mudzi womudikira, ndiye ntchito n'kungomukweza lole basi.

Anzathu a ku Tanzania anayesa zimenezi mu 1983, nthawi ya Nyerere, ndi lamulo lomwe ankalitcha Nguvu Kazi: osowa ntchito ankagwidwa m'misewu ya Dar es Salaam kuti akalime. Ambiri anabwerera m'tauni posakhalitsa. Chaka chomwecho boma la Samora Machel linachita zoposa pamenepa. Pa Operação Produção linasonkhanitsa anthu ku Maputo ndi ku Beira n'kukawasiya ku Niassa, tsidya lina la nyanja yathuyi, kumene sankadziwako munthu. Ena anafera konko. Za Murambatsvina ya ku Zimbabwe ya 2005 sindichita kutalikitsa; bungwe la UN linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya, ndipo akuti kumeneko kunali kuyeretsa mzinda.

Ife tinali ndi vakabu. Wapolisi akakupeza usiku ulibe chifukwa chomveka, unkagona m'chitokosi. Mu 2017 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti ndime ya lamulo imene ankagwirira anthu inali yosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa wogulitsa majumbo wa ku Blantyre amene anamangidwa akulawirira ku geni yake. Chinali chigamulo chabwino. Koma kusiya kumanga munthu sikumupatsa chitseko chotseka.

Pa nkhani ya malo, ndimaona kuti a ku Zambia anatidutsa kalekale. Lamulo lawo la 1974 linavomereza kuti makomboni ngati George ndi Chawama ku Lusaka sadzachoka, ndipo wokhalamo ankatha kulandira chikalata chomulola kukhala pamalopo zaka 30. Munthu akadziwa kuti sadzagumulidwa mawa, amaumba njerwa. Yerekezani ndi Mtandire kapena Mgona, kumene anthu ambiri umboni wawo ndi kapepala ka mfumu. Koma pa ana a m'misewu, nawonso a Zambia anabwerera ku lole ija: ankawatengera ku makampu a Zambia National Service, monga wa Chiwoko ku Katete, kukaphunzira ukalipentala ndi ulimi. Luso ndi labwino, komano mwana akamaliza maphunziro n'kutsika basi ku Lusaka alibe chipinda, amagona pomwe ankagona kale, ali ndi satifiketi m'thumba.

Ku Joni ndiye kumasokoneza mutu. South Africa inalemba m'malamulo ake aakulu kuti munthu ali ndi ufulu wopeza nyumba, ndipo kuyambira 1994 yamanga nyumba za RDP mamiliyoni, zopereka ulere. Palibe dziko la kuno lomwe lafikapo pamenepo. Komabe Irene Grootboom, mayi amene anapambana mlandu wotchuka wa nyumba mu 2000, anamwalira mu 2008 akadali m'chisakasa. Ndipo mu August 2023 moto unapha anthu oposa 70 m'nyumba yosanjikizana ya Usindiso ku Johannesburg, momwe osowa pokhala anadzazana m'tizipinda togawa ndi matabwa. Amalawi anzathu analimo. Mndandanda wa RDP umafuna chiphaso ndi kudikira zaka. Munthu wodwala mutu kapena womwa mwauchidakwa amagwa pa mndandanda wotere asanafike n'komwe pakhomo pa ofesi.

N'chimodzimodzi ndi pologalamu yathu ya malata ndi simenti imene inayamba m'nthawi ya Peter Mutharika. Inathandiza amene anali ndi poloti ndi njerwa zawo. Madala a pa khonde aja mukawapatsa malata makumi atatu akawakhoma pati? Nyumba za Malawi Housing Corporation ndiye musanene, ngakhale wa pa ntchito amadikira mpaka imvi.

Njira imene inandigwira mtima ndi ya kutali, ku Finland. Kuyambira 2008 iwo anatembenuza ndondomeko: munthu amayamba walandira kiyi wa chipinda chake, osamuuza kuti ayambe wasiya mowa kapena wachira. Kenako wogwira ntchito zothandiza anthu amamuyendera, kumukumbutsa mankhwala, kumuthandiza za lendi. Chiwerengero cha okhalitsa m'misewu chinatsika kwambiri. Wina anena kuti amenewo ndi olemera. Zoona. Koma chimodzi mwa zodula kwa iwo ndi munthu woyendera uja, ndipo ife ameneyo tili naye kale. Alangizi a zaumoyo amafika khomo ndi khomo. Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, amadziwa kufikitsa ndalama kwa osaukitsitsa. A St John of God ali mu Lilongwe momwe muno akuthandiza odwala matenda a maganizo. Chomwe chikusowa ndi chipinda chimodzi cha lendi ku Chinsapo kapena ku Kauma, chokhala ndi loko, cholipiridwa ndi khonsolo mwezi ndi mwezi. Dzina la Mtukula Pakhomo likunena lokha kuti pakhomo. Wopanda khomo sawerengedwa.

Sabata yatha ndinadutsanso pa sitolo ija. Eni ake awotcherera zitsulo kuzungulira khonde lonse. Mlonda anandiuza kuti madala aja anyamula makatoni awo, tsopano akugona kunsi kwa mlatho wa Lilongwe, ndipo mvula yayamba kale kugunda.