Webusayiti ya kolejiyi anapangira ndani?

Koma abale ine zanditopetsa. Ndimangofuna kudziwa fizi ya chaka chino ndi tsiku lotsekera mafomu basi, ndatsegula webusayiti ya koleji ina yake, chondilandira ndi chithunzi cha bwana mkulu atavala mkanjo, chikutseguka pang'onopang'ono kuyambira kuchipewa uku bandulo ikungopita. Ndadina pa Admissions akuti tsitsani PDF, kapepala ka 2019 kojambulidwa mopendama, pafoni zilembo ngati nyerere. Nambala yawo? Imangoitana. Imelo inabwerera. Mayina a osankhidwa aponya pa Facebook, chithunzi chambuu, ati zambiri onani pa webusayiti yathu. Webusayiti yake iti, yomweyi? Mapeto ake fizi ndakaimva kwa mlonda wa pageti, ndi akaunti nambala yomwe anandiuza pamtima. Bwanji osangoika iyeyo pa intaneti?