A Ming sanagwe chifukwa chosiya zombo

Nkhani ya mafumu a Ming a ku China ikangoyamba, anthu amathamangira kwa Zheng He, mkulu wa zombo za mfumu, ndi zombo zake zija zinayenda maulendo 7 pakati pa 1405 ndi 1433, mpaka kukakocheza ku Malindi ndi ku Mogadishu. Akuti ufumuwu unadzikumbira dzenje posiya maulendo apanyanja. Ine ndiye ndikukana. Zombo zitaima, a Ming analamulirabe zaka zoposa 200. Chinawagwetsa ndi njala komanso kusalipira anthu awo.

Amene anayambitsa ufumuwu mu 1368, Zhu Yuanzhang, njala ankaidziwa bwino. Makolo ake anafa pa nthawi ya chilala ndi mliri, iye n'kuthawira kukachisi wa Abuda, n'kumayenda akupemphetsa chakudya. Atathamangitsa a Mongol amene ankalamulira China, sankakhulupiriranso munthu. Mu 1380 anapha nduna yake yaikulu, Hu Weiyong, udindowo n'kuuthetseratu kuti nkhani zonse zizithera m'manja mwa mfumu. Kwa ine vuto linabzalidwa pamenepo. Dongosolo lotere limayenda mfumu ikakhala yolimbikira ntchito. Nanga ikakhala ngati Wanli, amene anakhala pampando kuyambira 1572 mpaka 1620 koma n'kutha zaka zambirimbiri atakwiya, osakumana ndi nduna zake, maudindo a boma ali opanda anthu?

Pofika m'ma 1620, chilala chinavuta m'chigawo cha Shaanxi. Boma linali litakweza kale msonkho kuti lipeze ndalama za nkhondo yolimbana ndi a Manchu, mtundu wa kumpoto chakum'mawa, komabe asilikali ankatha miyezi osalandira malipiro. Pofuna kupulumutsa ndalama, mu 1629 linachepetsa malo otumizirana makalata a boma, antchito ambiri n'kuchotsedwa. Mmodzi wa iwo anali Li Zicheng. Tangoganizani, munthu wa kumtokoma! Anthu anjala ndi asilikali othawa anamutsatira, ndipo mu 1644 analowa mu Beijing. Mfumu Chongzhen inakadzimangirira pakaphiri kuseri kwa nyumba yachifumu.

Khoma lalikulu lija la China, lomwe mbali yaikulu imene alendo amajambulitsapo lero anamanga ndi a Ming omwewa, mu 1644 a Manchu sanachite kuligumula ayi. Mkulu wa asilikali a Ming, Wu Sangui, ataona Li Zicheng akumubwerera kumbuyo, anawatsegulira yekha chipata cha Shanhai kuti amuthandize. Anamuthandizadi, koma sanabwererenso kwawo, analamulira China mpaka 1912.