"Smart" wathu uja si Chizungu cholakwika

Dzulo mphwanga wa Fomu 3 wandikonza Chizungu pakhomo panga pomwe. Anatulukira atavala malaya oyera, ositidwa mpaka mzere wa pamkono kuchita kuthwa, nsapato zikuwala ndi Kiwi. Ine n'kuti, "Koma lero uli smart, ukulowera kuti?" Iye phwete kuseka. Akuti, "Ankolo, smart ndi munthu wanzeru, osati wotchena." Nditamufunsa komwe wazitenga, akuti pa YouTube. Amathamangira ku kwaya ndiye ndinangomusiya, koma nkhaniyi yagona nane.

Mwanayu sananame, kungoti wagwira mwendo umodzi. Ku America mawuwa amanenadi za nzeru, ndipo ndi tanthauzo lomwelo lili mu smartphone imene mukuwerengerapo izi. Koma ku Britain munthu akakuuza kuti ukuoneka smart, akunena zovala: waudongo, wosita, wopesa. Wanzeru amakonda kumuti clever. Nanga ife Chizungu tinachitenga kwa ndani? Si a ku Britain omwewo, amene analamulira dziko lino kuyambira 1891 mpaka 1964?

Ife amene tinaphunzira pulayimale kale timawakumbuka mawuwa pa asembule. Aphunzitsi akuyenda mzere ndi mzere, kabango m'manja, kuyang'ana zikhadabo, tsitsi, m'khosi ngati muli litsiro, malaya ngati wapisira. Akamati "look smart" sankafunsa masamu. Ndipo nthawi ya Kamuzu kavalidwe sikanali nkhani yamasewera. Mwini wakeyo sankaoneka popanda suti, chipewa ndi litchowa, ndipo mu 1973 kunabwera lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Amuna a tsitsi lalitali nawo ankaona zakuda. Anthu okulira m'nyengo imeneyo mungawadabwe bwanji kuti akamva smart amaganiza za ayironi?

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti poyambirira mawuwa sankanena zonse ziwirizi. M'Chizungu chakale ankanena ululu wobaya, ngati wa chikwapu kapena wa mchere pabala, ndipo mpaka lero Mzungu akhoza kunena kuti bala lake likuchita smart. Ali pachibale ndi Schmerz, mawu a Chijeremani otanthauza ululu. Kuchoka pa kubaya anafika pa kuthwa, kenako kuthwa kwa mutu ndi kuthwa kwa kavalidwe. Ifenso timatero: mpeni wakuthwa, mwana wakuthwa m'kalasi.

Ndiye musamachite manyazi wina akakusekani. Khadi la ukwati likalembedwa kuti smart casual, palibe amene amapita ndi satifiketi ya MSCE m'manja. Pofunika kusamala ndi pamene mukulembera munthu wa ku America. Mukalemba m'kalata ya umboni kuti mnyamatayu amakhala smart tsiku lililonse, inu mukuganiza za tayi yake, iwo awerenga kuti ndi katswiri.

Chondinyansa ine si zimene wachita mphwangayu ayi. Ndi chizolowezi chathu chosakaniza matanthauzo awiriwa m'mutu, kumaganiza kuti wotchena ndiye wanzeru, ndiyenso wokhulupirika. Ineyo zinandionekera pa depoti. Bambo wina wa jekete yabuluu, chikwama cha laputopu paphewa, anandipempha foni kuti ayimbire mkazi wake, yake akuti yatha moto. Akanakhala wa patapata ndi malaya ong'ambika sindikanamupatsa. Anakhotera kuseri kwa basi akulankhula, basi mpaka lero. Pofotokoza kunyumba mawu oyamba kutuluka pakamwa panga anali akuti, "Koma anali smart bwanji!" Mayi a kunyumba anangoti, "Inde, kuposa inu." Sindinafunse kuti akunena smart wa ku Britain kapena wa ku America.

Mphwanga uja akubweranso Loweruka kudzatenga ndalama ya mayeso. Dikishonale ndaika kale pa tebulo, tsamba lake ndapinda.