Miyezi itatu ya mavidiyo, koma tsamba la achemwali linandikanika

Ena mwina mukwiya nane, koma kuonera mavidiyo a code (malangizo amene timalembera kompyuta) pa YouTube si kuphunzira code. Ndikulankhula ngati munthu amene anathera miyezi itatu ndi mabandulo ausiku ambirimbiri pa zimenezi.

Mphunzitsi wa mu vidiyo akalemba, ine ndinkakopera. Batani lake likatuluka lobiriwira, langanso linkatuluka lobiriwira, ndipo ndinkagona ndikudziona ngati katswiri. Tsiku lina achemwali anga, amene amasoka zovala ku Ndirande, anandiimbira: "Achimwene, paja mukuti mwaphunzira za makompyuta? Tandipangireni tsamba la pa intaneti, makasitomala aziona ntchito zanga." Ndinatsegula VS Code, pulogalamu yolemberamo code, n'kulemba mizere iwiri, mutu n'kuima. Panalibe woti ndimukopere.

Sabata imeneyo m'pamene ndinamvetsa kusiyana kwa zinthu zitatu zopangira tsamba zomwe ndinkangozitchula pakamwa. HTML imanena kuti uwu ndi mutu wa nkhani, ichi ndi chithunzi. CSS imanena mtundu, kukula ndi pokhala chinthu chilichonse. JavaScript ndiyo imachititsa kuti batani likadinidwa pachitike kanthu. Brendan Eich anailemba koyamba m'masiku 10 okha mu 1995 ali ku Netscape, ndipo ndikaona momwe imandizunguzira mutu, sindikutsutsa.

Chomwe chinandiliza kwambiri n'chaching'ono mochititsa manyazi. Pa laputopu yanga tsamba linkaoneka bwinobwino. Nditaliika pa GitHub Pages, komwe munthu umaika tsamba kwaulere, zithunzi zonse zinasowa. Masiku awiri athunthu ndinafufuta ndi kulembanso, magetsi akuzima, batire likutha, ine ndikutukwana chamumtima. Vuto? Fayilo ndinaitcha Diresi.JPG, koma mu code ndinalemba diresi.jpg. Windows sasamala za zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa maina a mafayilo, koma seva ya kumeneko, kompyuta yosunga tsambalo, imasamala. Chopweteka n'chakuti msakatuli, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ankandiuza kale. Ndikanangodina F12 n'kuyang'ana Console, pomwe msakatuli amalemba zolakwika, ndikanaona 404 yofiira, kutanthauza kuti fayilo sinapezeke, ili pambali pa dzina la fayiloyo. Mawu ofiira aja ndinkawaopa ngati kalata ya ngongole, osawawerenga n'komwe.

Ndiye panabwera phunziro lomwe sindinalimvepo mu vidiyo iliyonse. Achemwali anatumiza linki kwa kasitomala wina, mayiyo n'kuyankha kuti tsamba silikutseguka, langowadyera bandulo. Ndinali nditaika zithunzi 12 momwe zinachokera mu foni, chilichonse pafupifupi 4MB. Aphunzitsi ambiri a mu mavidiyo amakhala pa intaneti yothamanga ndi sikirini yaikulu. Kasitomala wa achemwali ali mu minibasi, foni yake ndi yaing'ono, netiweki ikubwera ikupita. Ndinachepetsa zithunzizo mpaka chilichonse chisapitirire 200KB, n'kuyesa tsambalo pa foni yakale ya mphwanga ndisanalitumizenso.

Sindikuti mavidiyo ndi oipa. Onerani imodzi, muitseke, mupange chinthu chosiyana ndi chomwe mwaonacho. Ine chinandithandiza kwambiri ndi freeCodeCamp, sukulu ya code ya pa intaneti yomwe Quincy Larson anayambitsa mu 2014: ndi yaulere, ndipo phunziro lililonse limafuna kuti ulembe wekha code, iyo n'kuyesa ngati ikugwira. Ndikaiwala kanthu ndimapita pa MDN, tsamba la Mozilla lofotokoza HTML, CSS ndi JavaScript. Chingerezi chake n'cholimba, inde, koma mawu ake ndi omwewomwewo obwerezabwereza, umazolowera.

Tsamba la achemwali silokongola kwenikweni. Pa foni zina mutu wa pamwamba umapendekera kumanzere, sindinapezebe chifukwa chake. Koma lili ndi batani lotsegula WhatsApp yawo mwachindunji, ndipo anthu akuwalembera. Malipiro anga anali malaya a chitenje, omwe manja ake anafupika pang'ono. Nditadandaula anangoti, "Inunso mutu uja ukadali wopendekera."