Ndimawakonzera Wi-Fi, iwo akundisecha ngati mbava ya mawaya

Dzulo andikhuthulira chikwama pansi, abale anga. Pakhomo pa hositelo, masana dzuwa lili paliwombo, ana asukulu akudutsa mafoni ali m'manja. Alonda awiri. Wina wagwira makwerero anga, mnzake akutola zida zanga chimodzichimodzi: pulayazi yothinira timapulagi, kamakina koyesera waya, mpukutu wotsala wa waya wa netiweki wa Cat6, ndi access point (kabokosi kofalitsa Wi-Fi) yakufa imene ndinali nditangoitsitsa kudenga. Akuti mawayawa wawatenga kuti? Ndikuwaonetsa khadi la ntchito lili pakhosi, nkhope yanga ili pomwepo. Akuti khadi aliyense atha kupanga. Wamkuluyo atangomva kalankhulidwe kanga, nkhani ya waya inathera pomwepo. Pasipoti ili kuti?

Makiyi a tizipinda tonse ta maswichi a netiweki pa yunivesite imeneyi ali m'thumba mwangamu. Koma ndinaimitsidwa pakhoma, kudikira kuti bwana ayankhe foni, anene kuti inde munthuyo ndi wathu.

Inu a ku Joni kuno sindikuuzani za kudzuka kusanache, mzere wa mataxi ku Bree, lendi ya kachipinda kamodzi yomwe imadya theka la malipiro. Mukuzidziwa. Chikundiwawa ine n'chakuti mbava zenizeni za mawaya ndimazidziwa kuposa alondawo, chifukwa zikaononga amene amadzutsidwa usiku ndine. Zimakumba pofuna waya wa kopa, n'kudula faiba, kupeza m'katimo muli galasi losagulitsika, n'kutaya pomwepo. Nyumba zingapo zili zii, intaneti palibe. Nthawi imeneyo alonda amakhala ali kuti? M'kanyumba kawo, akuonera mpira pa Wi-Fi yomweyo imene ndimawakonzera ine.

Ndiye pali madokotala ndi mapulofesa. Munthu wa mabuku khumi, koma wasintha pasiwedi pa kompyuta n'kuiwala kuti foni yake ikuyesabe kulowa eduroam, Wi-Fi ya mayunivesite, ndi yakale ija. Foni ikagogodagogoda, akaunti imatsekedwa. Akuimba mokalipa kuti netiweki yanu yafa. Ukafika ukumuuza mwaulemu kuti bwana, polowa eduroam mumalemba dzina lonse, ndi ka @ ndi dzina la sukulu kutsogoloko, akukuyang'ana kuyambira kunsapato. Zikatheka alibe zikomo, amangotembenukira ku kompyuta yake. Wina atamva kuti ndine Mmalawi nkhope inawala, akuti Amalawi ndinu okhulupirika kwambiri, sungandipezere m'bale wako wa m'gadeni? Mwamva? Tikagwira khasu pakapinga pawo ndife okhulupirika. Tikanyamula waya ndi laputopu ndife akuba.

Ana asukulu nawo, ee. Aliyense abwera ndi ka router kake kuchipinda, akuti kuti intaneti ithamange. Sadziwa kuti pa 2.4 GHz matchanelo osaponderezana alipo atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndiye timarouter makumi angapo m'khonde limodzi timangokuwizana, palibe womva mnzake. Wina ayatsa microwave kutenthetsa chakudya, chipinda choyandikana intaneti ikuduka. Wina azula waya wa access point n'kulumikiza ku gemu yake. Ndinapezapo ina ataikulunga ndi thaulo, akuti kagetsi kake kamawasokoneza tulo. Mawa lake ndi omwewo akulemba pa Facebook kuti a IT amangodya ndalama.

Akuluakulu a m'maofesi ndiye usanene. Holo yolowa ophunzira mazana angapo akufuna access point imodzi kapena ziwiri, akuti bajeti. Wi-Fi ili ngati mjigo: amatunga mmodzimmodzi, ndipo wa foni yakale yochedwa akafika pampopi, mzere wonse umadikira iyeyo. Ukawauza kuti nyumba zakalezi makoma ake ndi a konkire yokhuthala, 5 GHz siboola bwino, pafunika kuika zambiri zazing'onozing'ono m'zipinda n'kutsitsa mphamvu yake, akuti ingokwezani mphamvu. Ukawauza kuti waya wa netiweki sudutsa mamita 100, kupitirira apo pafunika kabati ina kapena faiba, akuti kokani basi. Pofika February, nthawi yolembetsa, mwana aliyense walowa ndi foni, laputopu, ena mpaka wotchi, manambala a IP amene netiweki imapatsa chipangizo chilichonse atha, foni ikuonetsa kuti yalumikiza koma palibe chotseguka. Ndinanena izi chaka chisanathe. Mu miting'i anangogwedeza mitu. Patapita miyezi, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kuthina pulagi ananena mawu omwewo, n'kumuombera m'manja. Lero ndi amene amandisainira tchuthi. Iye ndi wa pamalo, ine ndine wa kampani ya kontirakiti, ndipo kontirakiti yanga imayendera limodzi ndi pemiti. Pemiti ikatsala pang'ono kutha, a banki nawo ayamba mameseji oti atseka akaunti.

Chaka cha 2023 magetsi akuzima maola ambiri patsiku, mpaka stage 6, ndani ankanyamula mabatire a UPS, makina osunga moto magetsi akazima, pamasitepe? Ma access point amadya moto kudzera pa waya womwewo wochokera ku swichi, ndiye swichi ikazima nyumba yonse yagona. Mabatire anafa chifukwa ankatha asanadzaze. Ndinkakwera nawo pamapewa, chikepe chitaima. Palibe mlonda anandifunsa pasipoti masiku amenewo. Ankanditsegulira zitseko mothamanga.

Koma dzulo. Chikwama pansi. Timapulagi tija tinamwazikana pasimenti ponse, toonekera mkati ngati galasi, tovuta kuona. Bwana atafika anangoseka, kumenya mlonda paphewa, akuti sanamvetsetsane chabe. Pepani sanatuluke pakamwa pa aliyense. Ndinagwada n'kumatola kamodzikamodzi, ana akundilambalala. Mtsikana wina anaima, ndinkati mwina andithandiza. Akuti malume, ndiye Wi-Fi ibwera nthawi yanji? Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinameza malovu, ndinakwera makwerero aja, ndinamangirira access point yatsopano, kagetsi kanayaka. Anawo akulemba mayeso, sakanavutika chifukwa cha alonda.

Ndipo inu akumudzi musandiyankhe kuti pirirani achimwene, muli pabwino. Mwezi ukangofika pa 25 mafoni anu ndiye amagwira netiweki bwino. Uyu akufuna foni, uyu feteleza, uyu akuti mundipezereko ganyu ndibwere. Anzanga a konkuno nawo tikakumana kutchalitchi, moni asanamalize akuti tipatseniko pasiwedi ya kusukulu kwanuko. Aliyense akufuna kanthu. Wofunsa kuti kodi mukugona tulo, ndi mayi anga okha.

Agogo anga aamuna anabwera kuno nthawi ya Wenela, anakumba golide, anabwerera ndi njinga, sutikesi ndi chifuwa chimene chinawatenga. Ine ndinkati nthawi yathu ndi ina, tabwera ndi sukulu m'mutu. Dzulo ndili chogwada ndinawakumbukira kwambiri.

Mayi a kunyumba sindinawauze, ndipo sindiwauza. Mwana wanga wamkazi ali ku koleji kumudzi. Amagula bandulo ndi ndalama zomwe ndimatumiza, n'kudikira pakati pa usiku kuti atsitse manotsi, pomwe bambo ake akuonetsetsa kuti ana a eni akuonera mafilimu ali chigonere pabedi. Amauza anzake monyadira kuti adadi ndi injiniya wa intaneti ku South Africa. Sindikufuna adziwe kuti anawaimitsa pakhoma.

Ntchito imeneyi ndimaikonda, ndipo ndimaidziwa. Ndikalowa m'nyumba ndimadziwa pomwe siginolo ikafere ndisanatulutse n'komwe kamakina. Luso limeneli kwathu likufunika. eduroam yomweyi, imene wophunzira amalowa ndi akaunti imodzi kaya ali ku Cape Town kaya ku London, kwathu ilinso m'manja mwa MAREN, bungwe la netiweki ya mayunivesite a ku Malawi, ndipo likulu la UbuntuNet Alliance, bungwe lolumikiza manetiweki a mayunivesite a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, lili ku Lilongwe konko. Ndikudziwa kuti kumudzi sikophweka. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nyumba ya mayi ku Phalombe imene namondwe Freddy anagwetsa chaka chomwecho sindinamalize kufolera. Ndimalize malata amenewo, mwana amalize sukulu, ndikwere basi ya ku Beitbridge, Tete, mpaka Mwanza.

Ndiye amene mukudziwa koleji, sekondale kapena chipatala cha mishoni kwathuko chofuna munthu woyala netiweki kuyambira pa kabati mpaka kudenga, mundiuze. Malipiro tikakambirana, ndipo zida ndibwera nazo ndekha.