Makompyuta a kuchipatala tiziwayeza ndi chiyani?

Kuno ku Zimbabwe ziwerengero za m'zipatala zimasonkhanitsidwa mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway, yomwenso kumudzi ku Malawi akugwiritsa ntchito. Palinso Impilo, yosunga mbiri ya wodwala aliyense pa kompyuta. Sindikutsutsa zimenezi ayi. Amene adaona kolera ya 2008 ndi 2009, yomwe idapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, kapena ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro mu mzinda wa Harare, akudziwa ubwino wodziwa msanga kuti otsegula m'mimba achuluka dera liti.

Changa n'chakuti tikuyeza mbali imodzi. Timafunsa ngati lipoti la mwezi lafika ku unduna pa nthawi yake, ngati mabokosi onse adzazidwa. Nanga wodwalayo wapindulapo chiyani?

Kakhaleni pa benchi ya kiliniki m'mawa muone dzanja la namwino. Alembe m'kabuku ka wodwala, alembenso m'kaundula wamkulu uja, kenako atembenukire ku kompyuta. Nkhani imodzi, katatu. Magetsi akathima kapena netiweki ikavuta, zonse zibwerera pa pepala, n'kudzazilowetsa tsiku lina atatopa kale. Mwezi ukamatha pali fomu ya lipoti la mwezi, ya T5, yofuna kuwonkhetsa. Nthawi yonseyi ikuchotsedwa pa kuyang'ana munthu kumaso ndi kumufunsa bwinobwino pomwe pakupweteka.

Apongozi anga amamwa mankhwala a BP. Kabuku kawo kadasowa posamuka nyumba, ndipo pa kiliniki ina yomwe tidapita panalibe poyambira. Namwino adafunsa mwaulemu ndithu: "Gogo, mumamwa ati?" Iwo: "Aja oyera ang'onoang'ono, mwanangu." Mapiritsi oyera ang'onoang'ono alipo angati padziko pano? Komatu m'malipoti a miyezi yapitayo adawerengedwa bwinobwino ngati wodwala BP wolandira chithandizo. Chiwerengero chidakwera kumtunda, koma dzina la mankhwala silidatsike kudzawathandiza.

Ife a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku mu Harare tilinso ndi vuto lathu. Akuluakulu ena amene makolo awo adachokera ku Malawi alibe chitupa mpaka lero, ndipo maina athu amalembedwa mosiyanasiyana malinga ndi khutu la wolemba. Munthu mmodzi asanduka anthu awiri mu kompyuta. Akakhala wa ma ARV, mmodzi mwa awiriwo aoneka ngati wathawa mankhwala, chonsecho mwini wake akumwa tsiku ndi tsiku, wangosintha kolandirira. Oyendera odwala m'makomo ataya tsiku kufunafuna munthu amene sadasowe.

Abale anga ogwira ntchito younika madongosolo amenewa (ndikudziwa ena mumawerenga zanga mwakachetechete), musathere mu ofesi. Tengani timabuku ta anthu khumi pamzere, mufananize ndi zomwe zili mu kompyuta. Gwirani wotchi muone mphindi zopita ku kulemba ndi zopita ku kupima. Mufunse sisita wamkulu kuti ndi liti pomwe ziwerengero zomwe amatumiza zidabwerera kwa iye n'kusintha kaitanitsidwe ka mankhwala. Ndipo mutsatire mayi mmodzi wotumizidwa kuchoka ku kiliniki ya khonsolo kupita ku chipatala chachikulu, muone ngati dokotala wa kumeneko apeza zotsatira za magazi ake osamubayanso jakisoni wina.